Kudinda zithunzi ndi lino kunyumba: zida tingazipeze kuti?

Wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndikufuna kuyamba kusema zithunzi pa lino (linoleum, mtundu wa kapeti yoyala pansi) n'kumazidinda papepala, koma m'masitolo a zomangira muno mu Chipata ndikungopezamo kapeti yapulasitiki yoyala pansi. Kodi imeneyi ingasemeke? Nanga mipeni ndi inki ndingazipeze bwanji osapita ku Lusaka?

Mphunzitsi wa ku Katete:
Achimwene, kapetiyo musatayirepo ndalama. Lino weniweni, amene Frederick Walton anayamba kupanga ku England cha m'ma 1860, ndi wa mafuta a linseed osakaniza ndi utuchi wosalala, ndipo kunsi kwake kumakhala chiguduli. Kapeti yapulasitiki ndi yopyapyala komanso yawofuwofu mkati, choncho mpeni umangoing'amba, mzere osatuluka bwino. Pophunzira, gulani rabara yosalala imene osoka nsapato amadulapo masolo, chifukwa imasemeka mosavuta ndipo imagwira inki. Mukadzapeza lino weniweni, muziyamba mwamuika padzuwa kuti afewe, makamaka mu June ndi July pamene kuzizira kumamuumitsa. Kumbukiraninso kuti chithunzi chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi loonera, ndiye zilembo muzizisema chobwerera m'mbuyo.

Mmisiri wa ku Lundazi:
Mipeni yofunika ndi iwiri yokha: wa V wosemera mizere yaing'ono, ndi wa U wokumbira malo aakulu amene mukufuna kuti akhale oyera. Wa U mungathe kuupanga nokha ndi nthiti ya ambulera yakale, popeza ili kale ndi ngalande; idulani, muikhomere pakamtengo, kenako muinole pamwala mpaka ithwe kwambiri. Mpeni wobuntha ndi umene umaterereka n'kulasa munthu, motero dzanja logwira lino lizikhala kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse. Chopakira inki ena amachipanga poveka chubu cha njinga papaipi, koma ine ndikuona kuti chimenechi ndi choyenera kuchiitanitsa, chifukwa chikangokhala ndi kabampu, kamaonekera pachithunzi chilichonse. Pokanikizira pepala, kumbuyo kwa supuni n'kokwanira.

Mayi wa ku Petauke:
Pa za inki, ya madzi sindikukulangizani, chifukwa kukatentha ngati mu October imauma pagalasi loyalapo inki musanamalize kupaka. Pitani kwa osindikiza mabuku a malisiti akugulitseni pang'ono inki yakuda ya mafuta. Muziiyala pagalasi mopyapyala kwambiri, apo ayi imadzaza mizere yaing'ono imene mwavutika kuisema. Imatenga masiku angapo kuti iume, ndipo zida zimatsukika ndi mafuta ophikira kenako sopo. Za mitundu yambiri musafulumire nazo. John Muafangejo wa ku Namibia, amene anaphunzira pasukulu ya zaluso ya ku Rorke's Drift ku South Africa, anatchuka ndi zithunzi za lino zakuda ndi zoyera, ndipo ndikukupemphani muzione musanaseme chanu choyamba, makamaka mmene ankasemera zilembo pakati pa anthu ndi ng'ombe.