Kodi a khonsolo amaloledwa kutizonda ndi kamera yobisika? Nanga iwowo amawayang'anira ndani?

MayiWaAnyamata:
Moni nonse a m'gulu muno makamaka inu mwakhalitsa kuno ku England. Kuseli kwa nyumba yomwe tikuchita lendi kuli kanjira komwe timaika mabini, ndiye pali anthu amabwera usiku pa galimoto kudzataya matilesi, mafiliji akutha, zinyalala za komanga nyumba, ndipo tadandaula ku khonsolo kangapo konse. Sabata yatha mwana wanga wamkulu waona kabokosi kakuda atakamangilira pamwamba pa pholo, kali ndi kadiso ngati ka kamera, chikwangwani palibe. Aneba akuti ndi a khonsolo ayika. Vuto langa ndi loti kalozanso ku geti yathu yakumbuyo pomwe ine ndimatulukira ndikamapita kuntchito usiku, ana anganso amasewera pomwepo. Mtima wanga suli m'malo. Lamulo limawalola zimenezi? Akapyola malire timakanena kuti?

BamboAChikondi:
Pepani achemwali ndi nkhawayo. Kuyankha mwachidule, inde amaloledwa koma osati mwachisawawa. Lamulo lake ndi la 2000, lokhudza kuzonda anthu mobisa, lomwe amangolitchula kuti RIPA. Zaka zoyambazo makhonsolo ankadzipatsa okha chilolezo, bwana wa mu ofesi momwemo kusaina basi, ndiye ena anayamba kuzonda anthu pa tinkhani ting'onoting'ono ngati ndowe za agalu. Yomwe inaphulika kwambiri ndi ya ku tauni ya Poole kuno ku England mu 2008, khonsolo inalondalonda banja lina pafupifupi masabata atatu, makolo ndi ana omwe, pofuna kudziwa ngati amakhaladi m'dera la sukulu yomwe analembetsako mwana. Banjalo silinaname kanthu. Mu 2010 bwalo la Investigatory Powers Tribunal linagamula kuti khonsoloyo inaphwanya lamulo.

Ndiye kuyambira pa 1 November 2012 zinthu zinasintha ku England ndi Wales. Pano bwana wa khonsolo akasaina, pepalalo liyenera kupita kaye kwa majisitireti kuti avomereze, kupanda apo chilolezocho sichigwira ntchito. Komanso mlandu womwe akufufuzawo uyenera kukhala woti munthu atha kumangidwa nawo miyezi 6 kapena kuposa, kupatulapo kugulitsa mowa ndi fodya kwa ana komwe amaloledwabe kuzonda ngakhale chilango chake sichifika pamenepo. Kutaya zinyalala zambiri ngati za kwanuzo ndi mlandu waukulu ndithu, umalowa. Kutaya kapepala ka switi pansi sikulowa. Chilolezo chimatha pa miyezi 3, akafuna kupitiriza abwerere kwa majisitireti. Chomwe sangachite ngakhale pang'ono ndi kuika chida mkati mwa nyumba yanu kapena m'galimoto yanu, kapena kumvetsera zomwe mukuyankhula pa foni, mphamvu zimenezo khonsolo ilibe.

Za geti yanuyo ndi zomwe zandikhudza. Pa fomu yopempha chilolezo amayenera kulemba za anthu osalakwa omwe kamerayo iwajambula nawo komanso momwe achepetsere zimenezo. Ngati ikuloza pakhomo panu pomwe akanatha kuipotoza, funso lanu ndi lomveka kwambiri.

Mnyasa265:
Ine ndiye mundikhululukire amayi, koma asiyeni awagwire anthuwo. Kwathu kuno makoswe anachita kuswana chifukwa cha zotayatayazi, mwana wa aneba anadzicheka ndi galasi la pa windo lomwe wina anangoliponya pa njira. Tikadandaula timati khonsolo sikuchita kanthu, ikachita tikutinso ikutizonda, nanga atani? Akaika chikwangwani otayawo amangosamukira kanjira kena. Inu simukutaya kanthu ndiye mantha ndi achani, zithunzi za inu mukupita ku ntchito palibe amene ali nazo ntchito.

NachisaleWakuMpoto:
Achimwene a Mnyasa, za makoswezo ndikumva ndipo inenso ndikufuna otayawo agwidwe. Koma mawu oti wosalakwa asaope ndi omwewo akanauzidwa a ku Poole aja, iwonso sanalakwe koma anthu ankalemba ngati magetsi akuyaka m'nyumba mwawo. Mayi yemwe amatuluka yekha usiku ali ndi chifukwa chofunsira kuti zithunzizo akuonera ndani ndipo azisunga mpaka liti.

Ndionjezere pa zomwe anena bambo a Chikondi. Oyang'anira akuluakulu ndi ofesi ya IPCO, ya Investigatory Powers Commissioner, yomwe inayamba mu 2017. Amaunika momwe khonsolo iliyonse ikugwiritsira ntchito lamuloli, kawirikawiri kamodzi pa zaka zitatu. Taganizani, zaka zitatu, kamera ya pa geti panuyo ikhala itachotsedwa kalekale. Ndipo chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi choti majisitireti amaona zokhazo zomwe zalembedwa pa fomu ya RIPA n'kubwera pamaso pake. Khonsolo ikazonda munthu pa nkhani yaing'ono yosafika miyezi 6 ija, sikuti yaletsedweratu ayi, imangokhala kuti ilibe chishango cha lamulolo ndipo itha kusumiridwa pa ufulu wa munthu wokhala ndi moyo wachinsinsi pansi pa Human Rights Act ya 1998. Koma ungasumire bwanji chinthu chomwe sukudziwa kuti chachitika? Chimodzimodzi pa Facebook, wogwira ntchito ku khonsolo akamabwerezabwereza kusuzumira tsamba lanu n'kumasunga zomwe waona, malamulo akuti kumeneko kutha kukhala kuzonda kofunika chilolezo, akapanga akaunti yabodza kuti akhale mnzanu ndiye zafika pa ukazitape weniweni. Ndi angati amakalemba fomu asanatsegule foni yawo?

Nchifukwa chake ine ndimati woyang'anira wapafupi ndi khansala yemwe tinamuvotera. Malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka RIPA amati makhansala aziunika ndondomeko ya khonsolo yawo kamodzi pachaka ngakhale kuposa, ndipo malipoti ake amakhala pa webusayiti pamodzi ndi mapepala a misonkhano, kungoti sitiwerenga. Mulembereni khansala wa dera lanu imelo, muikepo chithunzi choonetsa komwe kamerayo yaloza. Mutha kupemphanso kudzera mu lamulo la Freedom of Information, lomwe limapatsa anthu ufulu wofunsa zomwe maofesi a boma akusunga, kuti akuuzeni zilolezo zingati atenga chaka chino, amayenera kuyankha pasanathe masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale za kafukufuku yemwe ali mkati atha kukana kuulula. Mukaona kuti akuponderani, ku Tribunal kuja kudandaula ndi kwaulere ndipo sipafunika loya, koma musadutsitse chaka. Amene muli ku Scotland lamulo lanu ndi lina, musatengere izi.

MayiWaAnyamata:
Zikomo nonse, mwandimasula. A Mnyasa sindikufuna ichotsedwe ayi, matilesi onunkhawo atitopetsa tonse, ndikungofuna aipotoze iloze ku mabini osati pomwe ana anga amasewera. Chithunzi ndajambula kale m'mawa uno nditaima pa geti penipeni. Dzina la khansala wathu sindimalidziwa n'komwe, mwana wanga wangondipezera pa intaneti pompano, imelo ndilemba ndikaweruka mawa. Achemwali a Nachisale ndikutumizirani kumbali muione kaye Chingelezi chake ndisanaitumize.