Ndithandizeni: polynomial timaizindikira bwanji?

Mayi wa ku Area 25:
Moni nonse. Mwana wanga ali Fomu 4 ndipo wapatsidwa ntchito yoti asankhe ma polynomial pa izi: 3x² − 5x + 7, 4/x + 1, √x + 2, 9, ndi x/4 − 6. Iye wasankha yoyamba yokha, akuti zinazo sizikuoneka ngati polynomial. Aphunzitsi amene muli muno, kodi timayang'ana chiyani kwenikweni?

Mphunzitsi wa masamu, Kawale:
Mayi, zolondola zilipo zitatu, mwanayo wapezapo imodzi. Ayambe wadziwa mayina a zinthu. Mu 3x² − 5x + 7 muli ma term atatu: 3x², −5x ndi 7. Chilembo x ndi variable, chimaimira nambala yomwe ingasinthe. Nambala yochulukitsa chilembocho ndi coefficient, ndipo 7 amene ali yekhayo ndi constant. Chizindikiro chimayenda ndi term yake, choncho coefficient ya x ndi −5, osati 5. Malikisi ambiri amatayikira pomwepa.

Tsono lamulo lake ndi limodzi: power ya chilembo (kanambala kapamwamba, monga 2 mu x²) ikhale 0, 1, 2, 3, kumapita m'tsogolo. Isakhale negative, isakhale fraction. 4/x ndi chimodzimodzi 4x⁻¹, ndiye yagwa. √x ndi x wa power ½, nayonso yagwa. Koma x/4 − 6 ndi polynomial, chifukwa pansi pali 4, osati x. Tikhoza kuilemba ¼x − 6. Fraction ku coefficient ilibe mlandu. Nayenso 9 ndi polynomial, pakuti ndi 9x⁰.

Bambo wa ku Biwi:
Aphunzitsi anena zoona. Ndiwonjezereko misampha iwiri. (√2)x + 1 ndi polynomial, poti root yagwira 2 yekha, x ali panja. Pamene 2ˣ si polynomial, chilembo chakwera pamwamba kukakhala power.

Pa degree, yomwe ndi power yaikulu kwambiri mu polynomial, ana amathamangira term yoyamba. Mu 4x − x³ + 2 degree ndi 3, osati 1. Tengani power yaikulu kulikonse komwe yakhala. Coefficient ya x³ pamenepo ndi −1, ngakhale 1 sanalembedwe. Zilembo zikakhala ziwiri mu term imodzi mumaphatikiza ma power: 5x²y ili ndi degree 3.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri akuluakulu, zayamba kumveka. Nanga 3x + 2x² ingakhale 5x³? Ndi zomwe walemba pa funso lachiwiri.

Mphunzitsi wa masamu, Kawale:
Ayi, imeneyo afufute. Timaphatikiza ma like terms okha, ofanana chilembo ndi power yomwe. Mumuuze ayese ndi nambala: x akakhala 2, 3x + 2x² ikupereka 6 + 8 = 14, koma 5x³ ikupereka 40. Asayesere ndi 1, mbali zonse zituluka 5 ndipo adzinamiza kuti wakhoza.

China choti azolowere MSCE isanafike: polemba polynomial asanje kuyambira power yaikulu, ndipo term yosowa aisungire malo. Pogawa x³ − 2x + 1 ndi x − 1 alembe x³ + 0x² − 2x + 1. Akapanda kutero mizere imasokonekera, n'kuchotsera x ku x². Yankho likhale x² + x − 1, remainder 0.