Mavu amanga chisa mumtengo wa mandimu, nditani?

Abale, ndigawireniko nzeru. Mavu amanga chisa pa nthambi ya mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba, pamwamba penipeni pa bedi la mpiru. Ndi aja ofiira, owonda m'chiuno, ndipo chisacho chafika ngati chikhatho. Dzulo aluma mwana wanga pachikope akuthirira, diso lonse latupa.

Aneba akuti ndiwatenthe usiku ndi muuni, koma mpanda wathu ndi wa udzu ndipo wauma gwa, ndikuopa kuyatsa nyumba za eni. Doom nayenso ndikumukayikira, pajatu masambawo timadya.

Inu amene munachotsapo, munatani? Kodi madzi a sopo amawaphadi? Nthawi yabwino ndi madzulo kapena m'bandakucha asanayambe kuuluka? Nanga ndikachotsa chisacho, sadzamanganso pomwepo?