Kumva fungo la chinthu chopsa pamene palibe chikupsa

Nachisale, Rosettenville:
Abale ndithandizeni. Mayi anga, a zaka 58, akumamva fungo la waya wopsa, mwina utsi wa fodya, pamene tonse m'nyumba sitikumva kanthu. Limabwera n'kupita, uno ndi mwezi wachiwiri. Anadwala chimfine chachikulu mu Juni. Chingakhale chiyani?

Mbewe, Turffontein:
Achemwali, yambani mwatsimikiza kuti fungolo kulibedi, poti mphuno zimasiyana mphamvu. Zimitsani magetsi pa main switch, zulani mapulagi onse, makamaka ya hita ndi ketulo. Pulagi yotentha, kapena soketi yakuda m'mabowo, ndiye kuti ikusungunuka mkati. Pa silinda ya gasi pakani madzi a sopo pa regulator ndi polumikizira paipi; pakachita thovu pakudontha. Fungo la mazira owola lomwe limakuta Johannesburg nthawi zina, ngati mu Febuluwale 2021, nalonso ndi lenileni, limabwera ndi mphepo. Kenako atengereni mayi kwina. Likawatsata mpaka mu taxi, vuto si nyumba.

Sisita Nabanda, Berea:
Kumva fungo lomwe kulibe madokotala amati phantosmia, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi mphuno momwemo. Kumwamba kwenikweni kwa mphuno kuli timinyewa tomva fungo. Chimfine kapena COVID-19 zikativulaza, pochira timatumiza uthenga wolakwika ku ubongo, n'chifukwa chake fungolo limakhala loipa: utsi, zopsa, zowola. Sinus (mphako ya m'mafupa ozungulira mphuno) yotupa, tinyama tomera m'mphuno ndi dzino lobowoka la m'mwamba zimachitanso zomwezo.

Yesani izi: fungo likabwera atseke bowo limodzi la mphuno ndi chala, kenako linalo. Likatha potseka mbali imodzi, kawirikawiri vuto lili m'mphunomo.

Azitsuka mphuno. Wiritsani madzi theka la lita, azizire, sungunulanimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi imodzi ya soda wophikira. Aweramire pa sinki, akokere pang'ono bowo limodzi, madziwo atuluke, kamodzi kapena kawiri patsiku. Madzi a pampopi osawiritsa ayi, ndipo mchere mukauchulutsa umawotcha. Mankhwala otsegula mphuno ngati Iliadin asapitirire masiku 5. Kupitirira apo mphuno imatsekeka kuposa kale. Ambiri zimawathera zokha pakapita milungu kapena miyezi, koma poti yakwana miyezi iwiri, apite kukiliniki akawaunike m'mphuno, atengenso mapaketi a mankhwala onse omwe akumwa, chifukwa ena amasokoneza fungo.

Chirwa, Soweto:
Ndiwonjezere mbali ya ubongo, imene anthu amathamangira kuti ndi zaufiti. Yang'anani kutalika kwake. Fungo lobwera mwadzidzidzi, lofanana nthawi zonse, lotha pasanathe mphindi ziwiri, munthu n'kungoti tong'oo osayankha, kutafuna pakamwa popanda kanthu, pambuyo pake osakumbuka, lingakhale khunyu la mbali ya ubongo yoyandikana ndi khutu, ngakhale munthuyo sanagwepo pansi. Mutu waching'alang'ala umatha kuyamba ndi fungo chonchi, kumenyetsa mutu pangozi nakonso. Chotupa mu ubongo n'chosowa, musayambire pamenepo.

Lembani tsiku, ola, mphindi zake ndi zomwe mwaona. Mukatha jambulani pa foni. Kukiliniki akakayikira khunyu amapereka kalata yopita kuchipatala chachikulu, monga Charlotte Maxeke kapena Baragwanath, kukapimidwa EEG (kuyeza timagetsi ta mu ubongo) ndi sikani. Koma akakomoka, akafooka mbali imodzi, pakamwa pakapotoka kapena mawu akamakoka, musadikire kalata: itanani ambulansi pa 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.