Mtsempha waukulu watupa, bwanji madokotala akuti tidikire?

NaPhiri wa ku Rosettenville:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Amalume anga, a zaka 67, anawajambula sikani ya m'mimba ndipo akuti mtsempha waukulu wa magazi, aorta, watupa kufika masentimita 4.6. Awauza kuti azibwera kudzajambulidwanso, za opaleshoni ayi. Kodi kumeneku si kudikira maliro? Nanga akale ankatani nawo matendawa?

Mbiya wa ku Yeoville:
Mtima m'malo, achemwali. Aorta ya m'mimba mwa munthu wamkulu imakhala pafupifupi masentimita 2 m'lifupi. Ikafika 3 amati aneurysm: khoma lafooka n'kufufuma, ngati chubu cha njinga chikasuzumira pa tayala long'ambika. Opaleshoni amaiganizira ikafika 5.5 kwa abambo, 5 kwa amayi, kapena ikakula kuposa sentimita imodzi pachaka, kapenanso ikayamba kupweteka. Isanafike pamenepo, mpeni ndi woopsa kuposa chotupacho. Ntchito ya amalume ndi kusaphonya tsiku la sikani, kumwa mankhwala a BP, ndi kusiyiratu fodya, chifukwa fodya ndiye amakulitsa chotupa msanga.

Koma akadzamva ululu waukulu wadzidzidzi m'mimba kapena kumsana, thukuta lozizira, chizungulire, musataye nthawi ndi Panado. Imbani 112 kapena 10177, manambala oitanira ambulansi kuno ku South Africa, ndipo mawu oti aneurysm muwatchule pafoni pomwepo.

Gogo Chalo wa ku Turffontein:
Mwanangu, akale anavutika nawo. Mu 1817 Astley Cooper wa ku London anamanga aorta ya wodwala ndi ulusi kuti magazi asafike pachotupa. Munthuyo sanathe masiku awiri. Kumanga koteroko kunadzayenda bwino koyamba mu 1923, m'manja mwa Rudolph Matas ku New Orleans. Ena ankakulunga chotupacho ndi cellophane, kapepala koonekera kokutira zinthu, kuti thupi lipange chipsera cholimba mozungulira. Ndi zomwe Rudolph Nissen anachita kwa Albert Einstein mu 1948. Zinamugulira zaka zingapo, koma mu 1955 chinaphulikabe, mkuluyo n'kukana opaleshoni ina.

Zinthu zinatembenuka mu 1951, pomwe Charles Dubost ku Paris anachotsa gawo lotupalo n'kulumikizapo mtsempha wa munthu womwalira. Mitsempha yotero inali yosowa ndipo inkafookanso pakapita zaka, mpake Michael DeBakey ku Houston anayamba kugwiritsa ntchito nsalu ya Dacron. Machubu oyambawo ankasoka yekha pa makina osokera a mkazi wake, telala weniweni! DeBakey mwini wakeyo aorta yake inang'ambika atakalamba, ndipo anamupanga opaleshoni mu 2006 ali ndi zaka 97.

Tchale wa ku Hillbrow:
Ndiwonjezereko za lero, amayi. Njira zilipo ziwiri. Yotsegula: amang'amba mimba, kupana aorta pamwamba ndi pansi pa chotupa, kutsegula thumbalo, kusokeramo chubu cha Dacron, kenaka n'kuchikuta ndi khoma lakale lija. Mtima ndi impso zimavutika nthawi ya kupanako, ndipo kuchira kumatenga miyezi, koma ikatheka imakhalitsa.

Ina ndi EVAR, yomwe Juan Parodi anachita ku Buenos Aires mu 1990. Amalowetsa chubu chokhala ndi mawaya kudzera m'mitsempha ya m'mphechepeche, n'kuchifutukula mkati mwa chotupa akuonera pa X-ray. Munthu amatuluka m'chipatala pakangopita masiku ochepa. Vuto lake ndi endoleak: chubu chikapanda kugwira bwino kumtunda kapena kumunsi, kapena timitsempha ta m'mbali tikamabwezera magazi m'thumba, chotupa chimapitiriza kukula mwakachetechete. N'chifukwa chake wa EVAR amajambulidwa moyo wake wonse. Ngati amalume akuganiza zodzabwerera kumudzi komwe sikani ili kutali, adokotala awauziretu zimenezo asanasankhe njira. Komanso si aliyense angalandire EVAR: pamafunika kagawo ka aorta yabwinobwino kunsi kwa mitsempha ya impso poti chubucho chigwire.

Mbiya wa ku Yeoville:
Ndinaiwala chimodzi. Matendawa amayenda m'banja, choncho abale a amalume a bere limodzi, makamaka aamuna osuta opitirira zaka 60, akajambulitse sikani ya ultrasound. Yambirani ku kiliniki. Kalata ya kumeneko ndiyo ikakufikitseni kwa madokotala a mitsempha ku chipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Baragwanath (Bara) kuno ku Johannesburg.