Nyimbo yathu yatuluka tisanaitulutse, titani a gulu?

Membala wobisa dzina: Admin, ndibisireni dzina chonde. Ndine msungichuma wa kwaya ina kuno ku Zomba. Tinasonkherana ndalama, ena mpaka kugulitsa mbuzi, kuti tijambule chimbale. Tisanakonze n'komwe tsiku lochikhazikitsa, nyimbo yomwe timaidalira yayamba kuyenda m'magulu a WhatsApp, ndipo anyamata oika nyimbo mumsika akuthirira anthu m'ma memory card. Ife ngakhale tambala sitinaione. Tikukayikira mnyamata wa ku studio koma umboni tilibe. Pano kwaya yagawikana: ena akuti tingoponya chimbale chonse pa intaneti ulere kuti dzina limveke, ena akuti tisindikize ma CD monga tinapanganirana. Inu odziwa zoimbaimba, tithandizeni nzeru. Kodi COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ingachitepo kanthu?

Mkulu wa ku Limbe: Pepani amayi, kapena ndinu abambo. Za ma CD iwalani. Nthawi yathu woimba ankatenga master (tepi yoyamba yokoperako zinazo) kupita nayo kwa O.G. Issa, wogulitsa makaseti kuno ku Limbe, makaseti n'kufalikira dziko lonse, woimbayo n'kumalandira zake. Malonda amenewo anafa kalekale chifukwa cha okopera omwewa. Lero funsani mu kwaya mwanu momwemo kuti ali ndi choimbira CD chamoyo kunyumba ndani. Mungosindikiza ochepa oti akuluakulu adzagule mwaulemu pa tsiku lokhazikitsa, chifukwa pamenepo munthu sagula CD, amagula kutchulidwa dzina.

Nachisale: Musanachite china chilichonse kalembetseni ku COSOMA. Bungweli linayamba mu 1992, ndipo lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi la 2016. Umwini wa nyimbo ndi wanu kuyambira pomwe munaipeka, koma ndalama siingakupezeni ngati simuli m'kaundula wawo. Amatolera ku mawailesi, m'malo azisangalalo, komanso pali msonkho wa blank media levy umene umadulidwa pa mafoni, ma flash ndi zida zina zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko. Msonkho umenewu anauikira anthu ngati inu, oti nyimbo zawo zikungokopedwa. Koma mukambirane kaye mu kwayamo: anapeka mawu ndani, maimbidwe ndani, gawo la producer ndi lotani. Mulemberane papepala. Makwaya ambiri amadana pamenepa ndalama ikayamba kubwera.

Wa pa benchi mumsika: Musatinyoze kwambiri ife oika nyimbo. Agogo a kumudzi alibe bundle, foni yawo ndi ya mabatani. Nyimbo yanu ikawafike bwanji popanda ife? Oimba ena amabwera okha ndi flash kudzatipempha kuti tiziwaikira anthu.

Nachisale: Achimwene, amene abwera okha avomereza. Awa sanakupatseni chilolezo, ndiye mukugulitsa thukuta la eni.

Wa pa benchi mumsika: Ine ndinangoilandira pa WhatsApp ngati wina aliyense, mayi.

Producer wa ku Mchesi: Yatuluka yatuluka basi, palibe angaibweze. Munthu mmodzi akangoitumiza foni ndi foni pa app ya Xender kapena Bluetooth mu minibasi, mawa ili ku Karonga. Chomwe ndingachite ine n'kuitulutsa msanga mwa dongosolo, yomveka bwino, yokhala ndi dzina la kwaya ndi chithunzi, chifukwa yomwe ikuyendayo mwina ilibe ngakhale dzina lanu. Choopsa ndi chimenecho, kuti nyimbo itchuke eni ake osadziwika, kapena wina aiike pa YouTube ngati yake. Muike m'malo omvera nyimbo pa intaneti monga Audiomack, Boomplay ndi YouTube. Spotify inafika kuno mu 2021, koma kuti mulowemo mumadzera kwa makampani ngati DistroKid omwe amafuna madola, ndipo mukudziwa mmene forex ikuvutira. Komanso musayembekezere zambiri, munthu mmodzi akamvera nyimbo ndalama yake ndi yochepetsetsa. Amakuthandizaniko ndi abale athu a ku Johannesburg ndi ku UK, omwe amamvera pa intaneti tsiku lililonse. Ndalama yeniyeni ili pa launch, m'maukwati, ndi kuitanidwa m'mipingo.

Za mnyamata wa ku studio, musamutchule pagulu popanda umboni, mungapezeke muli kukhoti ndinu. Ndiye mudzifunsenso: palibe wa mu kwaya amene anapempha kuti "mungonditumizira ndimvereko"? Nthawi zambiri zimathawira pamenepo.

Mtsikana wa alto: Chimbale chonse ulere ayi. Perekani imodzi yathawayo, zinazo muzitulutsa pang'onopang'ono. Ife tinkaika nambala ya Airtel Money ndi Mpamba pa kanema aliyense, anthu okhudzidwa mtima ankatumiza ndithu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Zoti wina anapempha kuti amvereko n'zoona, tikafunsana Loweruka ku practice. A Nachisale, polembetsa ku COSOMA timapita ngati kwaya kapena aliyense payekha? Nanga mpingo ukanena kuti nyimbozo ndi zake poti timaimba m'dzina lake, pamenepo zimakhala bwanji?