Tchalitchi cha Carmo ku Lisbon: denga lidagwa, nanga mauta a miyala adatsala bwanji?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa zithunzi za tchalitchi cha Carmo, denga palibe, koma mauta a miyala ali chiimire, thambo likuonekera pakati pake. Kodi chivomezi cha 1755 chidawasiya bwanji?

Mmisiri wa Miyala: Mayi, mauta amene mukuwaonawo ambiri si a nthawi ya Gothic, kamangidwe kakale ka mauta osongoka komwe amisiri oyamba adatsata. Chivomezi cha pa 1 November 1755 chidagwetsa denga la miyala la pakati pa tchalitchi. Mu 1756 adayamba kumanganso motsanzira kamangidwe kakale, ndipo mizati ndi mauta a pakatipo ndi a ntchito imeneyo. Mu 1834 boma la Portugal lidathetsa zipani za amonke, ntchito nkuimira pomwepo, denga asanafolere. Zakale zenizeni ndi khomo lakumadzulo, khomo lakumwera, ndi mbali ya ku guwa komwe kuli timatchalitchi tisanu. Mbali imeneyi ikadali ndi denga, ndipo kuyambira 1864 amasungamo zinthu zakale.

Gama: Ndiwonjezereko za maziko, poti vuto lidayambira kumeneko. Nuno Álvares Pereira, mkulu wa asilikali amene adapambana nkhondo ya Aljubarrota mu 1385, ndiye adayambitsa ntchito yomanga tchalitchichi mu 1389. Malowo ndi pamtsetse wa phiri, dothi lake lamchenga, moti maziko adagumuka kawiri. Denga la miyala silingolemera chotsika pansi ayi, limakankhanso makoma kuti aphasukire kunja. Uta wosongoka pamwamba umachepetsa kukankhako koma sukuthetsa. Nchifukwa chake khoma lakumwera litayamba ming'alu adalichirikiza ndi mauta asanu kunja kwake. Chivomezi chikagwedeza makoma, akangotalikirana pang'ono, miyala ya dengayo imasowa pogwira nkugwa yonse. Ntchito yomanga yoyambayo idatha mu 1423, chaka chomwe Nuno mwiniwakeyo adalowa m'nyumba ya amonke ya pamalopo ngati mmonke wa Akarimeli. Adamwalira mu 1431.

Mmisiri wa Miyala: Zoona a Gama. Ndipo nyumba ya amonkeyo, yomwe yagundana ndi tchalitchi, idasanduka malo a asilikali. Ndi mmenemo momwe Marcelo Caetano, nduna yaikulu ya Portugal, adagonjera asilikali olanda boma pa 25 April 1974, ndipo chaka chotsatira Mozambique idalandira ufulu kuchokera ku Portugal.

Nachisale: Zikomo kwambiri. Ndiye pofuna kuona ntchito ya amisiri oyambawo ndiyang'ane khomo ndi ku guwa, osati mauta otchukawo.